Nsima, mavitamini ndi ntchito za kumunda pambuyo pa opaleshoni yochepetsa chifu

Mayi wina wa zaka 42 wa ku Kasungu walemba kuti: "Ndinachitidwa opaleshoni yochepetsa chifu ku India masabata asanu ndi awiri apitawo, chifukwa ndinkalemera makilogalamu 128 ndipo ndili ndi matenda a shuga komanso kuthamanga kwa magazi. Madokotala anati dzina lake ndi sleeve gastrectomy. Pepala la kadyedwe limene anandipatsa lili ndi zakudya zimene kuno sitidya. Kodi nsima ndiyambe liti? Ndili ndi golosale ndiponso munda, ndiye ntchito zolemetsa ndiyambe liti? Mavitamini amene ndinabwera nawo atsala pang'ono kutha, kodi ndigulenso? Anthu nawo ayamba kunong'ona kuti ndikudwala."

Amayi, nsima mukhoza kuyamba kuilawa m'masabata akubwerawa ngati zakudya zofewa zikutsika bwino, koma siidzakhalanso mwini mbale monga inalili kale. Kuyambira tsopano chakudya chanu chenicheni ndi ndiwo, ndipo nsima ndi yongoperekeza. Ndikudziwa kuti zimenezi n'zovuta kuzilandira kwa munthu amene anakula akuuzidwa kuti kutha ndiwo nsima ikadalipo ndi nkhuli, n'chifukwa chake ndiyamba ndi kufotokoza chimene chinachitika m'mimba mwanu, popeza malangizo onse otsatira akuchokera pamenepo.

Pa opaleshoni imeneyi madokotala amadula ndi kuchotsa pafupifupi magawo atatu mwa magawo anayi a chifu, nthawi zina kuposerapo pang'ono, ndipo chotsalacho chimakhala kachifu kowonda, kotalika ngati nthochi. Chifu cha munthu wamkulu chimatha kulandira lita imodzi ya chakudya kapena kuposa apo, pamene chanu m'miyezi yoyambirira ino chimadzadza ndi mamililita 100 mpaka 150, amene ndi pafupifupi theka la kapu ya tiyi. Mbali imene inachotsedwa ndi imene imapanga kwambiri homoni yotchedwa ghrelin, yomwe imauza ubongo kuti njala yafika, ndipo mwina mwaona kale kuti mumatha kufika masana osakumbuka n'komwe kuti simunadye. Komatu thupi lanu silinachepe pamodzi ndi chifucho. Minofu, magazi, mafupa, tsitsi ndi mitsempha zikufunabe zimene zinkafuna kale, ndipo zonsezo ziyenera kudutsa m'malo ochepa amenewo. Supuni iliyonse imene mwameza yatenga malo a supuni ina, choncho malowo ayambe alandira chimene thupi silingakhale popanda icho.

Zipatala zambiri zimatsata ndondomeko yofanana: zamadzimadzi zokha kwa masabata awiri, zokanda zosalala kwa masabata ena awiri, kenako zofewa, ndipo zolimba zimayamba pang'onopang'ono pakati pa sabata ya 6 ndi ya 8. Inu muli pa malire amenewo. Ngati masiku olembedwa pa pepala la dokotala wanu akusiyana ndi amenewa, tsatirani ake, popeza iye ndiye anaona m'kati mwanu.

Chofunika kuposa zonse ndi mapuloteni, zakudya zomanga thupi zija. Munthu amene wachitidwa opaleshoni imeneyi amafuna magalamu 60 mpaka 80 a mapuloteni tsiku lililonse, ndipo akapanda kuwapeza thupi limayamba kudya minofu yake yomwe, mwakuti sikelo imaonetsa kuti munthu akutsika pamene kwenikweni akufooka. Pepala la ku India lisakudetseni nkhawa, chifukwa msika wa Kasungu uli ndi zonse zimene mukufuna. Dzira limodzi lili ndi magalamu pafupifupi 6. Kapu ya mkaka ya mamililita 250 ili ndi magalamu 8, chambiko chimodzimodzi, ndipo ambiri amaona kuti chambiko amakhala bwino m'mimba kusiyana ndi mkaka wamba. Theka la kapu ya nyemba zophika lili ndi magalamu pafupifupi 7. Nyama ya soya, imene ena amainyoza kuti ndi ndiwo ya pakutha pa mwezi, ikakhala youma pafupifupi theka la kulemera kwake ndi mapuloteni, ndipo ikaphikidwa mpaka kufewa imatsika mosavuta kuposa nyama ya ng'ombe. Usipa ndi matemba ali ndi ubwino wina woonjezera, wakuti timadya ndi minga yomwe, motero amapereka kashiamu wa mafupa, bola muwaphike mpaka afeweretu kapena muwasinje kaye. Soya amene mumalima kwanuko mukamukazinga n'kumugayitsa, ufa wake mukhoza kuuthira m'phala kuti lisakhale la chimanga chokhachokha, monga mmene Likuni Phala amapangidwira.

Tiyeni tione tsiku limodzi mmene lingayendere. M'mawa mudye dzira limodzi lofwafwaza ndi mafuta ochepa kwambiri. Cha m'ma 10 koloko mumwe kapu ya chambiko wopanda shuga, pang'onopang'ono. Masana muike pa sosala masupuni atatu kapena anayi akuluakulu a usipa wophika ndi tomato, supuni imodzi ya nkhwani wotendera, ndi kachidutswa ka nsima pambali. Muyambe usipawo, kenako masambawo, ndipo nsima ibwere pomaliza ngati malo atsala. Cha m'ma 4 koloko mumwe kapu ya mkaka mutathiramo masupuni awiri a mkaka waufa. Madzulo mudye theka la kapu ya chipere ndi dzira lina, kapena nkhuku yophika nthawi yaitali yoduladula bwino ndi msuzi wake, ndipo musanagone theka la kapu ya mkaka. Mukawerengera zonsezi muona kuti mwangofika kumene pa magalamu pafupifupi 60, ndipo apa m'pamene mungamvetse chifukwa chake mtanda wa nsima ulibe malo. Mtanda umodzi ukhoza kudzadza chifu chanu kawiri konse, koma n'kukupatsani gawo lochepa chabe la zimene thupi likufuna.

Vuto lina la nsima lili pa kadyedwe kathu. Mbamu ya nsima timaiumba m'manja, kuisunsa mumsuzi n'kumeza osatafuna kwenikweni, makamaka ndiwo ikakhala therere. Chifu chakale chinkalandira zimenezi osadandaula, koma chatsopanochi n'chopapatiza, ndipo mbamu yomezedwa yathunthu imakatsamira, munthu n'kumva kuthina pansi pa chifuwa, malovu kudzadza m'kamwa, mapeto ake n'kusanza. Choncho muyambe ndi nsima yofewa, mbamu yaing'ono yofanana ndi nsonga ya chala chachikulu, muitafune mpaka isungunuke m'kamwa, ndipo tsiku loyamba mulekeze pa mbamu ziwiri. Mgaiwa ndi wabwino kuposa ufa woyera, chifukwa pokonola ndi ponyika mphale mavitamini ambiri, kuphatikizapo B1, amapita ndi gaga ndi madzi. Mpunga, buledi wofewa ndi mandasi nazonso zimaumbana m'chifu mofananamo, ndiye musazifulumirire. Kanyenya, nyama yootcha youma, chimanga chootcha, mbuluuli, ulusi wa mango ndi zotsalira za nzimbe ndi zinthu zimene zimatha kutseka njira, ndipo zidikire miyezi ingapo. Muziyesa chakudya chatsopano chimodzi pa tsiku, kuti chikakuvutani mudziwe kuti ndi chiti, ndipo chimene chakana lero mukhoza kudzachiyesanso pakatha masabata awiri.

Chakudya chilichonse chizikutengerani mphindi 20 mpaka 30. Muzidyera m'mbale yanuyanu, pakuti m'mbale ya onse dzanja limathamanga kutsatira la anzanu ndipo simungadziwe kuti mwadya zochuluka bwanji. Mukangomva kuthina pang'ono kapena kuyamba kugeya, lekani pomwepo ngakhale chakudya chitatsala. Ambiri amasanza chifukwa cha supuni imodzi yomaliza imene anadya poopa kutaya chakudya.

Madzi ndi nkhani imene ndikufuna muitenge mozama, chifukwa mwezi wa October ndi November ku Kasungu kumatentha kwambiri, ndipo kuchepa kwa madzi m'thupi ndi chimodzi mwa zifukwa zikuluzikulu zimene anthu ochitidwa opaleshoniyi amabwerera nazo kuchipatala. Mukufunika lita imodzi ndi theka mpaka malita awiri pa tsiku, koma simungathenso kugugudiza kapu yonse nthawi imodzi. Botolo lizikhala pa kauntala ya golosale yanu, muzimwa pang'ono pakapita mphindi zochepa zilizonse kuyambira m'mawa mpaka usiku. Musamwe pamene mukudya: lekani kumwa kutatsala mphindi 30 kuti mudye, ndipo mudikirenso mphindi 30 mukamaliza, chifukwa madzi amalanda malo a chakudya kapena kuchikankhira msanga m'matumbo. Mkodzo ukakhala wachikasu kwambiri ndi wochepa, mutu n'kumawawa, dziwani kuti madzi achepa. Madziwo akhale owiritsa kapena othira mankhwala. Kutsekula m'mimba kumene munthu wina amangopirira nako tsiku limodzi kwa inu n'koopsa, popeza simungabwezeretse msanga madzi otayikawo. Muzisunga mapaketi a Thanzi m'nyumba, ndipo ngati ngakhale ameneyo sakutsika, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Zakumwa za gasi zisiyeni, chifukwa mpweya wake umatupitsa ndi kupweteka kachifuko. Koma mdani wamkulu ndi shuga wakumwa: thobwa lothira shuga, maheu, Sobo, tiyi wa masupuni atatu a shuga. Zimenezi sizidzadzitsa chifu, zimangodutsa, moti munthu akhoza kumwa zonenepetsa zambiri pa tsiku osamva kukhuta ngakhale pang'ono. Kwa ena shuga wochuluka akafika msanga m'matumbo amabweretsa thukuta, kugunda kwa mtima, chizungulire, nseru ndi kutsekula m'mimba pakangopita mphindi 10 mpaka 30, kapena kunjenjemera ndi kufooka pakapita ola limodzi mpaka maola atatu chifukwa shuga wa m'magazi watsika mwadzidzidzi. Vutoli limachitika kwambiri kwa amene anachitidwa opaleshoni ina yotchedwa gastric bypass, komabe limapezekanso kwa anzanu a sleeve. Ndikuda nkhawa makamaka ndi golosale yanuyo. Mabisiketi, maswiti ndi zokhwasulakhwasula zili pafupi ndi dzanja lanu tsiku lonse, ndipo zimasungunuka m'kamwa n'kutsika popanda vuto lililonse, pamene nkhuku ndi nyemba zimafuna khama. Anthu ambiri amene amanenepanso pakapita zaka ziwiri kapena zitatu amanenepa chifukwa chotolatola tizinthu totere, chipisi cha pachiwaya ndi mandasi oviika mu tiyi, osati chifukwa chakuti opaleshoni inalephera. Njala imene yasowa panopa idzabweranso pakapita miyezi, ndipo chizolowezi chimene mumange chaka chino ndi chimene chidzakugwireni nthawi imeneyo. Nsinjiro, chiponde ndi mapeyala n'zabwino, koma zili ndi mafuta ambiri, ndiye zizikhala za supuni imodzi. Mowa musaukhudze chaka choyamba chino, chifukwa tsopano umalowa m'magazi mofulumira kwambiri ndipo ena amagwa m'chizolowezi cha mowa atachitidwa opaleshoni. Kusuta fodya kapena kudya fodya wamphuno kumayambitsa zilonda m'chifu ndipo kumachedwetsa kupola.

Tsopano za mavitamini. Inde, gulani ena asanathe amene muli nawowo, ndipo muwaike m'ndondomeko ya ndalama za pakhomo monga mumachitira ndi feteleza, chifukwa mudzamwa moyo wanu wonse. Apa m'pamene anthu ambiri a kuno kwathu amene anakachitidwa opaleshoni kunja amagwera m'mavuto: akamva bwino m'thupi, ndipo dokotala amene anawachita ali kutali, amaganiza kuti mapiritsiwo anali ongothandiza kuchira. Zifukwa zake ndi ziwiri. Choyamba, chakudya chimene mukudya n'chochepa kwambiri moti sichingakwanitse zonse. Chachiwiri, mbali ya chifu imene inachotsedwa inkapanga asidi ndi chinthu china chimene chimathandiza kuti vitamini B12 alowe m'magazi, ndipo asidi yemweyo amathandizanso kuti ayironi, mchere wothandiza kupanga magazi, ayamwidwe. Kawirikawiri munthu amafuna piritsi la mavitamini ndi michere yosiyanasiyana tsiku lililonse, kashiamu wa mamiligalamu 1,200 mpaka 1,500 pa tsiku pophatikiza wa m'zakudya ndi wa mapiritsi, vitamini D, ayironi wa mamiligalamu 45 mpaka 60 kwa mayi amene akusambabe, ndi vitamini B12, amene ambiri amalandira ngati jakisoni kamodzi pa miyezi itatu iliyonse. Jakisoni ameneyu namwino wa pachipatala chapafupi akhoza kukubayani ngati dokotala walemba. Mlingo weniweni wa chilichonse utsate zimene dokotala wanu analemba ndi zotsatira za magazi anu. Mapiritsi oonjezera magazi amene amaperekedwa kusikelo ya amayi oyembekezera akhoza kuthandiza pa ayironi, koma salowa m'malo mwa ena onsewo.

Kamwedwe kake kalinso ndi malamulo. Kashiamu ndi ayironi zimalimbirana njira, choncho zisiyanitseni ndi maola awiri. Tiyi amatsekereza ayironi, pamene zipatso monga magwafa, malalanje ndi malambe zimamuthandiza kulowa. Owerenga ena amene amamwa ma ARV okhala ndi dolutegravir adziwe kuti kashiamu ndi ayironi zimachepetsa kulowa kwa mankhwalawo m'thupi, ndipo afunse kuchipatala kwawo nthawi yoyenera kumwera chilichonse.

Kuopsa kwa kusowa kwa B12 n'kwakuti kumabwera mwakachetechete. Chiwindi chimasunga vitamini ameneyu wokwanira zaka zingapo, ndiye munthu akasiya kumulandira amakhala bwinobwino nthawi yaitali, kenako n'kuyamba kumva dzanzi ndi kuyaka kumapazi, kuiwalaiwala, kudzandira poyenda ndi kuchepa magazi, ndipo mitsempha ikaonongeka kwambiri siibwereranso mwakale. Vitamini B1 ndi wosiyana, chifukwa amene thupi limasunga amatha m'masabata ochepa chabe. Ngati mukusanza mobwerezabwereza kwa masiku angapo, musadikire kuti zisiye zokha. Pitani kuchipatala, muwauze za opaleshoni yanu, ndipo muwakumbutse kuti mukufunika vitamini B1, wotchedwanso thiamine, asanakuikeni diripi ya shuga kapena pamodzi nayo, popeza shuga woperekedwa kwa munthu amene B1 wamuthera akhoza kuononga ubongo. Kusokonezeka mutu, kuona zinthu ziwiriziwiri ndi kufooka miyendo pa nthawi yotere ndi zizindikiro zofunika thandizo la changu.

Magazi muyezetse pakatha miyezi 3, miyezi 6 ndi miyezi 12, kenako chaka chilichonse osaphonya. Kuchuluka kwa magazi ndi shuga mukhoza kuyezetsa pa chipatala cha boma cha Kasungu, koma B12, vitamini D ndi ayironi wosungidwa m'thupi kawirikawiri zimafuna malabotale akuluakulu a ku Lilongwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 130 pa msewu wa M1. Pezani dokotala mmodzi wa kuno amene azikuonani nthawi zonse, mumupatse makalata onse a ku India, ndipo mumupemphe alembe patsamba loyamba la buku lanu la kuchipatala mtundu wa opaleshoni, tsiku lake, mavitamini amene mukumwa ndi mankhwala amene simuyenera kupatsidwa.

Mankhwala oletsedwawo ndi opha ululu monga Brufen, Diclofenac ndi Indocid, ndiponso aspirin pokhapokha dokotala atalamula pa chifukwa chenicheni, popeza amayambitsa zilonda ndi kutaya magazi m'chifu. Mutu kapena msana ukamawawa, mwani Panado. Mankhwala anu a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi ayenera kuunikidwanso msanga ngati sizinachitike kale, chifukwa shuga amatsika mofulumira pambuyo pa opaleshoni, thupi lisanachepe n'komwe, ndipo mlingo wakale wa insulin kapena glibenclamide ukhoza kukugwetsani. Mapiritsi okodzetsa nawo amaonjezera kuchepa kwa madzi m'thupi. Musasiye kapena kuchepetsa nokha, koma muziyeza shuga ndi BP kawirikawiri, kulemba zotsatira, n'kupita nazo kwa dokotala. Malungo akakugwirani, LA muzimwera mkaka, popeza mankhwalawa amalowa bwino m'thupi pakakhala chakudya chamafuta, ndipo ngati mukusanza bwererani kuchipatala kuti akupatseni a jakisoni. Muzigona m'neti chaka chonse. Pa zaka 42 mukhoza kutengabe pakati, ndipo thupi likamachepa kubereka kumabwerera ngakhale kwa amene anali atasiya kuyembekezera zimenezi. Mupewe mimba kwa miyezi 12 mpaka 18, ndipo mukambirane ndi a zakulera za njira yodalirika monga lupu kapena ya pamkono.

Za ntchito zolemetsa, lamulo la masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi oyambirira ndi losanyamula choposa makilogalamu asanu, kuopa kuti matumbo angatulukire pa mabala amene sanalimbe m'kati. Nthawi imeneyo mwaidutsa, ndipo ngati mabala apola bwino ndipo dokotala wavomereza, mukhoza kuyamba kuonjezera, koma mwapang'onopang'ono. Kumbukirani kuti chidebe cha malita 20 chimalemera makilogalamu 20, thumba la feteleza 50, ndipo belo la shuga ndi kreti ya zakumwa za mugolosale si zopepuka. Mwezi uno zimenezo anyamule ena. Kumunda muyambe ndi ntchito zopepuka kwa theka la ola, m'mamawa dzuwa lisanakwere, botolo la madzi lili pambali, ndipo kugalauza mizere tsiku lonse kapena kusenza makheni othirira nazale kudikire mpaka mphamvu zitabwerera ndipo mukutha kudya ndi kumwa mokwanira. Mukamva kupweteka kapena kuona chotupa pa bala, lekani ndipo mukaonetse kuchipatala.

Kuyenda ndiwo maziko. Bungwe la WHO limalangiza akuluakulu kuchita zolimbitsa thupi kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, ndipo mukhoza kuyamba ndi mphindi 30 masiku asanu pa sabata, pa liwiro loti mukupuma mwamphamvu koma mukutha kulankhula. Ngati mawondo akuwawa, njinga ndi yabwino chifukwa imanyamula thupi lanu. Popita kugolosale muzitsika pa kabaza patali pang'ono n'kumaliza wapansi. Koma kuyenda kokha sikuteteza minofu, ndipo kutayika kwa minofu ndi kumene kumachititsa kuti munthu aoneke wodwala ndi kunenepanso msanga pambuyo pake. Kawiri pa sabata muzikhala ndi kuimirira pa mpando kakhumi osagwirira, kukankha khoma ndi manja kakhumi, ndi kukweza mabotolo a madzi a lita imodzi kapena awiri m'manja monsemo, n'kubwereza zonsezi kawiri kapena katatu. Poimirira mukachoka pogona kapena powerama muzidekha, chifukwa chizungulire chimachitika kawirikawiri m'miyezi imeneyi.

Pali zina zimene ndi bwino muzidziwiretu kuti zisadzakudzidzimutseni. Ambiri amataya pakati pa 25 ndi 30 peresenti ya kulemera kwawo m'miyezi 12 mpaka 18, zimene kwa inu zingatanthauze kufika cha m'ma 90 mpaka 96 kilogalamu, ngakhale kuti anthu amasiyana. Padzakhala masabata amene sikelo idzaima, ndipo zimenezo si chizindikiro chakuti zalephereka. Muzidziyeza kamodzi pa sabata basi. Tsitsi limathothoka pakati pa mwezi wachitatu ndi wachisanu ndi chimodzi, kenako limameranso, ndipo nthawi imeneyo musaluke zokoka kwambiri. Khungu limakhwepa, ndipo m'mapindiko ake muziumitsamo bwino mukasamba kuti musatuluke zilonda nyengo yotentha. Kudzimbidwa kumachepa ndi madzi, masamba, papaya ndi kuyenda. Chilungulira chimavuta ambiri a sleeve, ndiye musagone pasanathe maola awiri kapena atatu mutadya, mukweze kumutu kwa bedi, ndipo chikapitirira muuze dokotala. Kuchepa thupi mofulumira kumayambitsanso miyala mu ndulu, imene imadziwika ndi kupweteka kwambiri kumanja pansi pa nthiti, makamaka mukadya zamafuta.

Za manong'onong'o, ndikumvetsa kuti zimapweteka. Kwathu kuno kunenepa kwakhala kukuonedwa ngati chizindikiro cha mtendere ndi kupeza bwino, ndipo munthu akaonda mofulumira anthu amathamangira kuganiza za matenda kapena mavuto a m'banja. Simukukakamizidwa kufotokozera aliyense. Komabe bambo a kunyumba, ana akuluakulu ndi mnzanu mmodzi kapena awiri odalirika ayenera kudziwa zonse, kuti azikuikirani kumbuyo ndiponso adziwe chonena kuchipatala inu mutadwala mwadzidzidzi. Pamaliro, paukwati kapena kwa apongozi, pamene kukana chakudya kumaoneka ngati mwano, landirani mbale, muthokoze, mudye ndiwo pang'ono, n'kunena kuti madokotala anakuuzani kuti muzidya zochepa chifukwa cha shuga. Zimenezi n'zoona, ndipo anthu athu amalemekeza mawu a kuchipatala. Musadye mopitirira kuti mukondweretse wophika. Za kusala kudya kutchalitchi, makamaka kusala kosamwa ndi madzi omwe, chaka choyamba chino si nthawi yake, ndipo ndi bwino kuwafotokozera abusa kapena atsogoleri a chigwirizano. Ngati mwayamba kukhala wokhumudwa masiku ambiri, kusowa tulo kapena kulira popanda chifukwa chodziwika, muuze dokotala wanu, pakuti zimenezi zimachitika pambuyo pa opaleshoni yotere ndipo thandizo lake lilipo.

Pomaliza, pali zizindikiro zimene siziyenera kudikira kuti kuche: kupweteka kwambiri m'mimba kosaleka, kutentha thupi pamodzi ndi mtima kugunda kupitirira ka 120 pa mphindi mutakhala phee, kubanika kapena kupweteka pachifuwa, kutupa ndi kuwawa kwa katumba wa mwendo umodzi, kusanza magazi, chimbudzi chakuda bii chonata ndi chonunkha mwachilendo, ndi kulephera kumeza ngakhale madzi. Mapiritsi a ayironi nawonso amadetsa chimbudzi, koma akatero sichinata ndipo munthu safooka nacho. Mukaona chimodzi mwa zimenezi pitani ku chipatala cha boma usiku womwewo, buku lanu lili m'manja, ndipo mawu oyamba kwa wokulandirani akhale akuti munachitidwa opaleshoni yochepetsa chifu ndi mwezi umene munachitidwa. Madokotala akaona kuti pakufunika zipangizo zimene alibe adzakutumizani ku Kamuzu Central Hospital, choncho nambala ya munthu wa galimoto wodalirika ikhale m'foni mwanu ndi mwa bambo a kunyumba kuyambira sabata ino.